Lilime la Mnzathu pa Dooko la Yordano

Anyamata a ku Mangochi amene anapita ku Joni amalidziwa bwino dzina lakuti "makwerekwere". Akuti dzinali linabadwa potsanzira monyoza malankhulidwe a alendo. Mu Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera ku South Africa, ena ankaimitsidwa m'misewu ya Johannesburg ndi kufunsidwa dzina la chigongono m'Chizulu. Wolephera, tsoka lake. Owerenga Baibulo akumbukira Oweruza 12: pa madooko a Yordano, Aefraimu 42,000 anaphedwa chifukwa lilime lawo linakanika kutchula liwu limodzi lokha, Shiboleti.

Nanga ife kuno kwathu, abale, tili bwanji? Pa ukwati, ngakhale m'zisudzo za achinyamata a mpingo, wina akatsanzira Chingerezi chothyokathyoka kapena Chichewa cha Myao wogulitsa ziboliboli pa msewu wa ku Monkey Bay, timaseka mpaka misozi. Timati ndi nthabwala chabe. Mwina. Koma wosekedwayo amalankhula zilankhulo zitatu, kuphatikizapo Chingerezi chimene anachitola yekha m'mphepete mwa nyanja, pamene ambiri osekafe tili ndi ziwiri. Ndipo ndaona kuti mwini wake akangolowa, sewerolo limazilala.