Musanalipire Ploti, Pitani Kukhonsolo

Kucokera pomwe Chipata inakhala siti mu February 2017, malo m'tauni muno akhala ngati golide. Nyumba zikukwera m'mapiri, zina zikutsikira m'madambo, ndipo mu minibasi nkhani ndi imodzimodzi: "Kuli ploti yotsika mtengo, fulumirani." Ine ndikuti dekhani, ndalama sizibwerera msanga.

Coyamba, dziwani mtundu wa nthaka. Lamulo la Lands Act la 1995 limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Ina ndi ya boma, yomwe taitolo yake nthawi zambiri imakhala ya zaka 99. Ina ndi ya mafumu, monga madera ozungulira tauni omwe ali pansi pa Nkhosi ya Makhosi Mpezeni ndi mafumu ake. Kalata ya a nduna si taitolo ayi. Kuti malo a mfumu akhale anu pa pepala, pafunika cilolezo ca mfumu, kenako khonsolo, kenako a Commissioner of Lands. Pakasoweka cimodzi mwa izi, ploti yomweyo ingagulitsidwe kwa anthu atatu, inu n'kukhala wacitatu.

Caciwiri ndi pulani. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti musanakumbe maziko mutenge cilolezo kukhonsolo. Malo ena anasungidwira mseu, sukulu, msika kapena mawaya a ZESCO. Ena ali pafupi ndi madamu a Lutembwe, kumene tauni imatunga madzi akumwa. Mukamanga pamalo otere, lamulo limalola kugwetsa nyumba, olo mutakhomera kale malata.

Cacitatu, nyumba muziiona nthawi ya mvula. Mu Ogasiti paliponse pamaoneka bwino. Mu Januwale madzi ocokera kuphiri la Kanjala amaonetsa okha njira yao, ndipo okhala m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa amadziwa zimene ndikunena. Yang'anani cizindikiro ca madzi pakhoma, funsani aneba, osati a landilodi okha.

Inu ocita lendi, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Cipinda cotsika mtengo kutali ndi siteshoni cimadya ndalama pa thiransipoti tsiku ndi tsiku. Werengerani ya basi kupita ndi kubwera kwa mwezi wathunthu, muonjeze pa lendi, ndiye muyerekeze ndi ca ku Kapata kapena ku Mchini komwe mungayende wapansi kupita kunchito. Funsaninso: madzi a Eastern Water amafika? Mita ya malaiti ndi yanu nokha kapena ya nyumba zinayi? Cimbudzi cili patali bwanji ndi citsime?

Wogulitsa akamakufulumizitsani kuti "ena abwera mawa ndi ndalama," muuzeni mupitire limodzi ku Civic Centre mukaone nambala ya ploti pa mapu. Mwini weniweni sakana ulendo umenewo. Akayamba zifukwa, ndalama zanu zikhalebe m'thumba.