Mpikisano wa owedza ku England: nsomba zogwidwa, kuyezedwa, n'kubwezedwa m'madzi

Munthu woyenda m'mbali mwa ngalande za maboti ku Birmingham, kapena m'mbali mwa mtsinje wa Trent, Lamlungu m'mawa amatha kuona zomuzunguza mutu. Anthu 20 kapena 30 andandalika pagombe motalikirana mofanana, aliyense atakhala pa bokosi lake, ali duu, ndodo zazitali zitaloza pamadzi. Amakhala choncho maola asanu. Wezulo ikalira amavuula nsomba zonse, kuziyeza pa sikelo, kenako n'kuzibweza m'madzi zili zamoyo. Palibe amene amapita ndi ndiwo kunyumba. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti mbedza ndi yofunira ndiwo, izi zimaoneka ngati kutaya tsiku. Koma ndi masewera akale ndithu, ali ndi malamulo ake ndiponso luso lake.

Angelezi amagawa pawiri kuwedza kwa m'mitsinje ndi m'madamu. Kuli nsomba za salmon ndi trout, zomwe kale zinali za anthu olemera okhala ndi malo awoawo a mtsinje. Ndiye kuli zotsalazo, monga roach, bream, perch, tench, chub ndi carp, ndipo kuwedza zimenezi amati coarse fishing. Uku kunali kwa anthu wamba. M'zaka za m'ma 1800, ogwira ntchito m'mafakitale a ku Sheffield, Leeds ndi Birmingham ankakwera sitima yapamtunda tsiku lopuma kukasaka madzi oyera kutali ndi utsi wa m'tauni. Ankakumana m'malo omwera mowa, n'kupanga makalabu, n'kumapikisana. Bungwe lawo la dziko lonse, National Federation of Anglers, linayamba mu 1903, ndipo mpikisano woyamba wa England yense unachitika mu 1906. Kuyambira 2009 ntchitoyo ili m'manja mwa Angling Trust.

Kalabu ya m'dera imachita lendi gawo la mtsinje, ngalande kapena dziwe kwa mwini wake, ndipo mamembala amasonkha ndalama chaka ndi chaka. Pamwamba pa apo, aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo amafunika chiphaso cha boma chowedzera, chochokera ku Environment Agency. Chiphaso cha kalabu ndi cha boma n'zosiyana, ndipo china sichilowa m'malo mwa chinzake. Wopezeka akuwedza alibe cha boma atha kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 2,500.

Tsiku la mpikisano limayamba ndi maere. Mlembi wa kalabu amakhala atazika kale zikhomo za manambala m'mbali mwa madzi, chilichonse kusonyeza pokhala munthu mmodzi. Aliyense amapereka kandalama ka mphoto, n'kupisa dzanja m'thumba kutola nambala. Pomwe watola ndi pomwe akhale mpaka mapeto, ngakhale atapeza kuti ndi poipa. Maerewa ndi ofunika kwambiri chifukwa nsomba sizimwazikana mofanana m'madzi. Zimakonda pansi pa mtengo wowerama, pokhotera mtsinje, pafupi ndi maboti oimikidwa, kapena pakuya. Wokhala kumapeto kwa mzere amakhalanso ndi mwayi, poti mbali imodzi alibe womulanda nsomba. Pofuna kuchepetsa kukondera kwa malo, gombe amaligawa m'zigawo za anthu ochepa, ndipo chigawo chilichonse chimakhala ndi wopambana wake. Motero wogwera malo ouma amalimbana ndi anzake a malo oumawo, ndipo amakhalabe ndi chomenyera.

Wezulo yoyamba isanalire pamakhala nthawi yokonzekera. Wowedza amaloledwa kulumikiza zida, kukanda nyambo ndi kuyeza kuya kwa madzi, koma kuponya chakudya m'madzi n'koletsedwa. Kuyeza kuyaku amakuchita pomangirira kachitsulo kolemera ku mbedza n'kukatsitsa mpaka pansi, apa ndi apo, mpaka atadziwa pomwe pali chigwembe, pomwe payambira kutsetsereka, ndi pomwe pali matope kapena miyala. Ambiri amagwiritsa ntchito ndodo yopanda chokulungira chingwe, yopangidwa ndi kaboni, yolumikiza zidutswazidutswa mpaka kufika mamita 13, mwinanso 16. Chingwe chake n'chachifupi, chomangidwa kunsonga, ndipo m'kati mwa nsongayo muli lasitiki amene amatamuka nsomba ikakoka, kuti chingwe chopyapyalacho chisaduke. Nsomba ikakodwa, wowedza amakankhira ndodo kumbuyo kwake, n'kugulula chidutswa cha kutsogolo, n'kuitunga ndi kaukonde ka chogwirira. Choyandama chimene chimasonyeza kuti nsomba yadya amachilemetsa ndi timiyala mpaka pamadzi pangotsala kansonga kofiira ngati mutu wa machesi. Roach ikangokhudza nyambo, kansongako kamamira. Mbedza yololedwa m'madzi ndi imodzi basi nthawi iliyonse.

Koma zida sizipambanitsa munthu. Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wongoyamba ndi kadyetsedwe. Aliyense amene anawetapo nkhuku akudziwa kuti ukakhuthula gaga yense nthawi imodzi, nkhuku zimadya n'kukhuta, n'kubalalika kukapalasa kwina. Ukamawaza pang'onopang'ono, zimakhala pamapazi pako, zikulimbirana, ndipo za kutali zikaona phokosolo zimathamangira pomwepo. Nsomba nazo n'chimodzimodzi. Wowedza amafuna kuti zisonkhane pamalo amodzi patsogolo pake, zikhale ndi njala yokwanira kuti zitole nyambo ya pa mbedza, koma zisasowe chakudya mpaka kusamukira kwa mnzake wa pambali. Choncho amawaza timphutsi tochepa kawirikawiri, nthawi zina pa kuponya kulikonse, kwa maola asanu osalekeza.

Mphutsizo amazigula m'masitolo a zida zowedzera, zowetedwa dala, zoyera ndi zofiira, zoyezedwa m'zitini. Ena amazisiya zisanduke tizikwa tolimba, timene nsomba zazikulupo zimakonda. Palinso nyongolotsi zoduladula, chimanga chotsekemera cha m'chitini, timibulu ta buledi, ndi ufa wa nyenyeswa za buledi umene amaunyowetsa n'kuumba mipira yoponya m'madzi, kuti ikasungunuke pansi ichite mtambo wokopa nsomba. Waluso amadyetsa malo awiri kapena atatu nthawi imodzi: pafupi ndi gombe, pakati pamene pamadutsa maboti, ndi kutsidya m'munsi mwa zitsamba. Akagwira zingapo pamalo amodzi zimayamba mantha, ndiye amapasiya papume, n'kupita pena, koma osaleka kuwaza pamene wachokapo.

Apa ndi pamene pamafunika kuganiza. Wopambana ndi amene nsomba zake zalemera kwambiri zonse pamodzi, osati amene wagwira yaikulu. Munthu atha kusankha kutola tinsomba tating'ono mazanamazana, kamodzikamodzi, podziwa kuti pang'onopang'ono sikelo ikukwera. Atha kusankhanso kudikira bream zitatu kapena zinayi zomwe zingapose tinsomba tonseto, koma mwina osabwera n'komwe. Nthawi yonseyi diso lina lili kwa oyandikana naye. Ngati wa kumanja wagwira ziwiri zazikulu, kodi ndisiye zazing'onozi nditsate njira yake? Ola lomaliza ndi limene nsomba zazikulu zimakonda kuyandikira, dzuwa likapendeka, ndipo mipikisano yambiri imatembenuka pamenepo. M'nyengo yozizira, madzi akayera mbee, nsomba zimadya pang'ono zedi, moti kadzanja kamodzi ka mphutsi kowonjezera kangathe kupha malo tsiku lonse. Masiku otero makilogalamu awiri kapena atatu amatha kupambana pa ngalande.

Nsomba zogwidwa zimasungidwa mu ukonde wautali ngati thumba, womizidwa m'madzi. Lamulo limakana ukonde wa mfundo chifukwa umasupula mamba. Wezulo yomaliza ikalira onse amatulutsa mbedza, kupatula amene wakola kale nsomba, yemwe amafuula kuti anzake amve, n'kupatsidwa mphindi zingapo kuti aivuule. Kenako anthu awiri kapena atatu amayenda ndi sikelo chikhomo ndi chikhomo, ena akutsatira pambuyo kuti aonerere. Makalabu ambiri amayezabe m'miyeso yakale: paundi, yomwe ndi magalamu 454, aunsi, ndi dram, yosakwana n'komwe magalamu awiri. Zimachitika ndithu kuti anthu asiyane ndi aunsi imodzi atakhala maola asanu. Mphoto ya pa kalabu ndi yochepa, nthawi zambiri yongobweza ya nyambo ndi mafuta a galimoto. Chakumapeto kwa chaka kumakhala mpikisano wa Khirisimasi, umene mwa mwambo mphoto zake zinali nkhukundembo ndi zakudya zina. Ndalama zenizeni zili ku mipikisano ikuluikulu ngati Fish O'Mania, umene unayamba mu 1994 ndipo umaonetsedwa pa kanema. Akatswiri ngati Alan Scotthorne, amene anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi kasanu, ndi Bob Nudd, kanayi, ndi ochepa. Ambiri amapikisana ndi anthu omwewo zaka ndi zaka pa madzi a kwawo.

Nanga amazibwezeranji? Chifukwa chake n'chosavuta. Madzi a kalabu ndi ochepa, owedza ndi ambiri, ndipo bream kapena tench imatenga zaka kuti ikule. Aliyense atamatenga zimene wagwira, pakutha pa nyengo imodzi sipangakhalenso chopikisanirana. Maganizo omwewa ndiwo anabweretsa nyengo yotseka mitsinje, kudzera m'lamulo la 1878 limene analitsogolera Anthony Mundella, phungu wa ku Sheffield. Mpaka lero, kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni, kuwedza nsombazi m'mitsinje ya England n'koletsedwa kuti ziswane, ngakhale kuti madamu ndi ngalande zambiri zimakhala zotsegula. Asodzi a pachilumba cha Mbenji ku Salima, amene amatseka usodzi nyengo ya dzinja motsogoleredwa ndi mfumu Makanjira, sangadabwe nazo. Abale athu okhala ku Britain adziwe bwino mfundo iyi: kutenga nsomba m'dziwe kapena m'ngalande popanda chilolezo cha mwini madzi ndi mlandu, ndipo ngakhale mumtsinje lamulo limaika malire a chiwerengero ndi kukula kwa zomwe munthu angatenge.

Sindinganene kuti nsomba yobwezedwa siinavutike. Yalasidwa ndi mbedza, yakhala maola mu ukonde, yanyamulidwa pa sikelo. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi maiwe okumba a malonda amene achuluka m'zaka zaposachedwapa, odzazidwa carp zambirimbiri zomwe zimadalira nyambo ya owedza kuti zikhale ndi moyo. Kumeneko munthu mmodzi kugwira makilogalamu 50 si nkhani, ndipo nsomba yomweyo imakodwa kambirimbiri. Eni ake amayesetsa: amalamula mbedza zopanda ngowe, amaika malire a kulemera kwa nsomba mu ukonde umodzi, ndipo amaumitsa maukonde padzuwa poopa matenda a carp otchedwa KHV. Komabe ine ndimaona kuti luso lowerenga madzi limachepa pamene nsomba zilibe kothawira, ndipo mtima wanga uli ndi mpikisano wa pamtsinje ndi pangalande.

Masewerawa anasinthapo kale pamene anaonetsedwa kuipa kwake. Mbalame za swan zitapezeka zikufa chifukwa chomeza timiyala ta mtovu totayidwa ndi owedza, boma linaletsa timiyala tambiri totere mu 1987, ndipo owedza anazolowera tina. Ndipo pali ntchito imene makalabu amagwira yomwe anthu ambiri saiona. Munthu amene amakhala pa gombe lomwelo sabata ndi sabata, kalabu yake n'kumalemba m'buku zimene sikelo yanena, ndiye amayamba kudziwa kuti roach zachepa kapena kuti paipi ina yayamba kutulutsa zonyansa. Kuyambira 1948, bungwe limene lero limatchedwa Fish Legal lakhala likutengera kukhoti oipitsa mitsinje m'malo mwa makalabu amene ndi mamembala ake, ndipo ndalama za chipukuta misozi zimapita ku kalabu kuti ikonzere madziwo ndi kubwezeretsamo nsomba.