Zotsatira za kuyeza madzi azimata pa kiyosiki

Amayi anzanga, ndikufunseni: madzi amene mwatunga m'mawa uno anayezedwa liti, ndipo anapezamo chiyani? Mtengo wa ndowa imodzi mukuudziwa bwino, koma funso langali ndikukayika ngati alipo angandiyankhe, ngakhale wogulitsa pa kiyosiki. Ine izi sizindisangalatsa.

Kuyeza madzi akumwa si nkhani yovuta kumva. Akatswiri amatenga madzi okwana 100 ml, osadzaza n'komwe kapu ya tiyi, n'kufufuza kachilombo kotchedwa E. coli. Kachilomboka kamakhala m'matumbo mwa anthu ndi ziweto, ndiye kakapezeka m'madzi zikutanthauza kuti chimbudzi cha munthu kapena chiweto chalowamo. Pepani kulankhula mosabisa, ndi ntchito yathu anamwinofe. Muyezo wa bungwe la WHO ndi wakuti nambala yake ikhale 0. Chinthu chachiwiri ndi klorini wotsala m'madzi pamene akutuluka pa mpope. Asachepere 0.2 mg pa lita, ndipo nthawi ya kolera amafuna 0.5. Klorini wotsalayu ndi amene amapitiriza kupha tizilombo madzi ali m'chigubu mwanu. Choncho madzi akamanunkhira klorini pang'ono musakwinye nkhope.

Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera ku Shire, pa Walker's Ferry, ena ku damu la Mudi ndi ku Likhubula ku Mulanje. A Blantyre Water Board amawasefa ndi kuthira mankhwala asanawatumize. Koma ulendo wake ndi wautali. Madzi akasiya, m'paipi mumakhala mopanda mphamvu, ndipo paipi yobooka imene yadutsa mu ngalande kapena pafupi ndi chimbudzi imayamwa zonyansa. Ndiye madzi oyamba kutuluka akabwerera, odawo, atayireni kudimba. Otsatirawo thirani mankhwala ngakhale akuoneka oyera.

Ndipo mpope ukauma masiku awiri timapita kuti? Ku chitsime chokumba pamanja, ku Nasolo, ku Naperi, ku Lunzu. Sindikudzudzula munthu, mwana sangagone ndi ludzu, matewera sangadikire. Koma ofufuza za taifodi kuno ku Blantyre anapeza kuti mabanja ophikira ndi kutsukira madzi a mumtsinje ana awo amadwala kwambiri matendawa. Mayi amati "sitimwa, timangotsukira mbale," osadziwa kuti mbale yonyowayo ndi yomwe mwana adyerepo phala. Sizinachitike mwangozi kuti katemera wa taifodi anamuyesera ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu 2018, pa ana oposa 28,000. Matendawa anali atakhazikika kumeneko.

Kolera ya 2022 mpaka 2023 tonse tikuikumbuka. Anthu oposa 58,000 anadwala m'dziko muno, oposa 1,700 anatisiya, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Nthawi imeneyo klorini anali pakhomo lililonse. Mliri utatha, zigubu zathu zinabwerera mwakale.

Maganizo anga ndi awa. Pa kiyosiki iliyonse ndi pa mjigo uliwonse pamatidwe pepala la m'Chichewa lonena tsiku limene madzi anayezedwa, nambala ya E. coli, ndi klorini. Chitsime chikalephera muyezo, chipakidwe penti yofiira kuti ndi agogo osawerenga omwe adziwe. Ena amati anthu achita mantha. Ine ndaona mayi atanyamula mwana wolowa maso m'kati chifukwa cha kutsegula m'mimba, mantha enieni ndi amenewo. Mayi akadziwa kuti chitsime ichi n'choipa, makala ake ochepawo awagwiritsa ntchito pa madzi oyenera kuwiritsa. Mukakhala pa msonkhano wa komiti ya kiyosiki, kwa amfumu kapena ndi khansala, funsani. Afunseninso alangizi a zaumoyo akabwera kusikelo ya ana. Mukulipira madzi amenewa.

Pakadali pano, pakhomo. Thirani WaterGuard kapena klorini wochokera kwa alangizi, muyezo wake monga akuuzirani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala a matope yambani mwawadekhetsa ndi kusefa pa nsalu yoyera, chifukwa matope amamaliza mphamvu ya klorini. Ngati mukuwiritsa, abwadamuke ndithu kwa mphindi imodzi. Sungani m'chigubu cha kukamwa kochepa kapena ndowa ya kampope. Ndowa yotsegula yoviikamo kapu imaononga ntchito yonse, dzanja la mwana wochokera kosewera limalowa limodzi ndi kapuyo.

Chenjezo kwa inu okhala m'mbali mwa Mudi kumunsi kwa mafakitale a ku Makata: kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo, koma sizichotsa mankhwala ndi zitsulo zosungunuka m'madzi. Madzi amenewo asalowe mumphika mwanu ngakhale mutawawiritsa chotani.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, pitirizani kuyamwitsa, ndipo akamachita chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena thupi likatentha masiku atatu osatsika, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.