Cham'mwamba ndi ndiwo, musasiye nacho mankhwala a kuchipatala

Masiku ano m'misika ya kunyanja kuno simusowa wina wogulitsa ufa wa cham'mwamba m'timabotolo, uku akulengeza kuti umachiza shuga, BP, ngakhale HIV imene. Ena mwa ife ayamba kukhulupirira. Abale ndi alongo anga, mtengowu ndi mphatso yochokera kwa Allah, koma malo ake ndi mumphika wa ndiwo.

Zabwino zake zilipodi. Masamba a cham'mwamba, chomwe ena amati moringa, akauma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake limakhala zomanga thupi. Mulinso ayironi wothandiza kupanga magazi, kashiamu wolimbitsa mafupa, ndi beta-carotene yemwe thupi limamusandutsa vitamini A, wofunika pa maso ndi pa chitetezo cha mwana. Mtengowo umapirira chilala ndipo umamera ngakhale pa dothi lathu lamchengali.

Koma kakonzedwe n'kofunika. Masamba oyanika padzuwa ngati usipa amataya mavitamini ambiri, choncho yanikani pamthunzi. Beta-carotene amalowa bwino m'thupi akakumana ndi mafuta, ndiye tendelani nsinjiro kapena thirani timafuta pang'ono. Ayironi wa m'masamba thupi limavutika kumuyamwa, koma nsomba ndi zipatso zowawasa ngati mandimu ndi malambe zimathandiza. Tiyi ndiye amatchinga ayironiyu, choncho pa futari musatsirize ndiwo zamasamba ndi kapu ya tiyi nthawi yomweyo. Mbale ya cham'mwamba chotendera, pambali pali usipa wodya ndi minga yomwe, imaposa kabotolo kalikonse ka pamsika.

Wina anganene kuti, "Nanga si zachilengedwe izi, zingapweteke bwanji?" Katupe nayenso ndi wachilengedwe, koma tonse tikudziwa zomwe amachita nsomba zikamumwa m'madzi. Chomera chilichonse chili ndi mphamvu zakezake, ndipo mbali zake sizifanana. Mizu ndi makungwa a cham'mwamba zili ndi timankhwala towopsa tomwe m'masamba mulibe, ndipo mayi woyembekezera asayerekeze kumwa madzi ake.

Njere zake nazo tizimvetse bwino. Zikasinjidwa n'kuthiridwa m'madzi amatope, zimakoka litsiro n'kulikhazika pansi, madzi n'kuyera mbee. Koma kuyera sikutanthauza kuti tizilombo tonse tafa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatilanda abale ambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Madzi akumwa tiwawiritse kapena tithire kolorini basi.

Choopsa kwambiri ndi munthu wosiya ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa wagula ufa. Palibe tsamba lomwe limachotsa HIV m'thupi, ndipo wosiya ma ARV kachilomboko kamachulukananso mwakachetechete, iye akadaoneka wathanzi. Bambo akagona, ngalawa imaima pagombe, munda umamera tchire, ana n'kusiya sukulu ndi madrasa. Ngati mukumwa mankhwala a shuga kapena BP ndipo mukufuna kumadya ufawu tsiku ndi tsiku, yambani mwawauza achipatala.

Thupi ili ndi amana, tidzafunsidwa mmene tinalisungira. Kupita kuchipatala si kuchepa kwa imani. Ndipo inu ogulitsa, malonda ndi halali, koma kulonjeza wodwala machiritso omwe simungawatsimikize ndi chinyengo, ndipo chinyengo pa malonda ndi haramu. Gulitsani ufawo ngati chakudya, mtengo wake ukhalenso wa chakudya.

Pempho langa kwa mashehe athu ndi lakuti nkhaniyi ayikambeko pa Ijuma. Ndipo mvula ikagwa, banja lililonse lizike nthambi ziwiri kapena zitatu kuseri kwa nyumba, zina pamzikiti ndi pamadrasa. Nthambi yokhwima imaphuka yokha, ndipo Insha Allah chaka chisanathe ana adzakhala akudya ndiwo zake, popanda kutulutsa ngakhale tambala.