Linga la makolo taliumba njerwa

Mwezi watha nditapita kwathu ku Namitete ndinapeza anyamata akuumba njerwa pamtumbira uja agogo ankatiletsa kuseweretsa. Theka lalowa kale mu uvuni. Kuwafunsa, akuti, "Ndi chulu basi, achimwene."

Chulu? Limene lija ndi linga!

Angoni atawoloka Zambezi mu 1835, m'zaka zotsatira dera lathu lino silinagone tulo. Nkhondo ya Mpezeni inkatulukira kumadzulo, ya Chiwere kuchokera ku Dowa. Anthu a Mazengera anakwera phiri la Nkhoma. Ife a kuchidikha tikanakwera chiyani? Makolo anatapa dothi n'kumanga khoma kuzungulira mudzi wonse, nkhokwe, mbuzi ndi ana zonse mkati. Anakhala choncho mpaka Angerezi atagonjetsa Mpezeni mu 1898.

Tsono inu anzanga a pa Facebook mumandiseketsa. Mumasirira zithunzi za Edinburgh Castle, ati azungu amasunga mbiri. Ku Scotland nakonso mafuko ankaphana, kafunseni a MacDonald zomwe zinawaonekera ku Glencoe mu 1692. Koma iwo malinga awo alendo amachita kulipira kuti awaone.

Ine ndikuti ndi manyazi. Ku Kulamba timadzaza mabasi chifukwa kumeneko timaoneka mafumu. Linga limatikumbutsa kuti tinathamangitsidwapo, ndiye bola lisalazidwe.

Anyamata aja sindikuwada, njerwa ndi ndalama. Mlandu ndi wathu ophunzirafe amene sitinawauzepo kanthu. Ndapempha amfumu kuti theka lotsalalo lisakhudzidwe. Akuti aona. Uvuni wachiwiri akuwotcha Loweruka.