PAKHONDE LA MADRASA: Kasitima Kothyoka



Mwezi wapitawu mnyamata wina wa m'kalasi mwanga, wa zaka 12, anafika ku madrasa maso ali psuu, atanyamula kanthu m'jumbo. Nditamufunsa anakhuthula pamphasa zidutswa za kasitima ka chiwale kamene anakhala akusema kwa miyezi iwiri mofanizira Ilala. Bambo ake anali atakaponda, ati m'nyumba ya Msilamu simusungidwa zifanizo.

Bambowa ndi msodzi woopa Mulungu, ndipo sanachite izi chifukwa cha nkhanza ayi. Titatha Swala ya Asr ndinapita kwawo. Iwo anandifunsa kuti, "A mwalimu, kodi zosemasemazi si haramu?" Popeza funsoli lili m'mitima ya makolo ambiri kuno kunyanja, ndati ndiliyankhe pano.

Chimene Mtumiki (SAW) anachenjeza kwambiri ndi kupanga zifanizo za zinthu zokhala ndi mzimu, monga anthu ndi nyama. M'buku la hadisi la Imam Bukhari muli nkhani ya munthu wina amene ankadya za ntchito yopanga zithunzi. Ibn Abbas (RA) anamuuza za chilango chake, ndipo atamuona kuti wagwidwa ndi mantha anamulangiza kuti azipanga mitengo ndi zina zopanda mzimu. Sitima ilibe mzimu. Choncho mwana wosema kasitima sanalakwe, bola asaikemo tizidole ta anthu. Tikumbukirenso kuti kukhoma chombo ndi ntchito imene Allah analamula Mneneri Nuh (AS), anthu ake akumuseka, monga tiwerengera m'Surah Hud.

Bambo aja atamva izi anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Nanga chingakonzeke?"

Ndinamuuza mwanayo kuti asade nkhawa, pakuti Ilala yeniyeniyo inabweranso ili zidutswazidutswa. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland m'chaka cha 1949, zitsulo zake zinadzera ku Mozambique, amisiri anazilumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951.

Tinayamba ndi kuyala zidutswa zonse pansalu yoyera osataya ngakhale kamodzi. Fumbi tinachotsa ndi nthenga ya nkhuku, chifukwa madzi amafufumitsa chiwale ndi kusungunula guluu wakale. Pamene thupi la sitima linathyoka pakati, guluu yekha sakanagwira. Tinaboola timabowo tiwiri mbali zonse, n'kulowetsamo timisomali ta nsungwi, kupaka guluu wa matabwa, n'kumanga ndi mphira mpaka m'mawa mwake. Apa ndi pamene mwana amayesedwa, pakuti manja amayabwa kufuna kumasula nthawi isanakwane. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'ming'alu tinamata utuchi wosakaniza ndi guluu, ndipo utauma tinasalaza ndi sandipepala. Penti tinapaka yopyapyala katatu, kudikira kuti iume tisanabwereze, chifukwa yochindikala imayenderera ndi kukwirira timawindo. Pamene sipanaonongeke sitinakhudzepo, popeza wokonza chothyoka safafaniza dzanja la mwini wake.

Zingwe zonyamulira timabwato tiwiri ta m'mbali zinatikanika tonse awiri. Amene anazimanga ndi bambo aja, ndi ulusi wosokera ukonde, mfundo zake zazing'ono ngati njere za mapira. Mwanayo ankangowayang'ana m'manja.

Kwa ana amene mukufuna kuyamba lusoli, malangizo anga ndi awa. Musayambe ndi mpeni, yambani ndi rula. Ilala ndi yotalika pafupifupi mamita 52. Mukagawa ndi 100, kasitima kanu kakhala masentimita 52, ndipo china chilichonse, kaya chumuni kaya chitseko, chigawidwenso ndi 100 yemweyo. Jambulani papepala maonekedwe a m'mbali ndi a pamwamba. Pojambula a pamwamba, pindani pepala pakati n'kudula kamodzi kuti mbali ziwiri zifanane, apo ayi kasitima kadzapendama. Mtengo ukhale wofewa ndi wouma bwino, monga malaina, chifukwa wauwisi umang'aluka mukamaliza kale ntchito. Posema, mpeni uziloza kutali ndi thupi lanu. Ndipo adhana ikamveka, zida pansi.

Kwa makolo anzanga, mwana amene wakhala pakhonde kuyeza ndi kusema akuphunzira masamu, kudekha ndi kumaliza chimene wayamba. Akhoza kudzakhala mmisiri wokhoma mabwato amene asodzi athu amawafuna chaka ndi chaka. Mukakayika ngati chinthu ndi halali kapena haramu, funsani kwa Shehe musanakweze phazi. Chiwale chimamatika ndi guluu, koma mwana wina akathyoledwa chotere sadzagwiranso mpeni.

Allah ndiye Mwini kudziwa. Tidzakumanenso m'kope likudzali, Insha Allah.

Wassalamu alaikum.