Kuthamanga Popanda Wokuthamangitsa

M'mawa uliwonse ndikamadutsa pasiteji ya minibasi, pomwe amayi amakazinga mandasi, anyamata a kabaza amandiseka: "Bambo, mukuthamanga kapena mukuyenda?" Ndimawayankha bwinobwino, ndipo poti ndikutha kuyankha popanda wefuwefu, ndiye kuti liwiro langa lili bwino. Muyeso wake ndi womwewo. Ukamatha kucheza uku ukuthamanga, mtima umagwira ntchito mosapanikizika, umalimba pang'onopang'ono, ndipo mawa lake miyendo imakhala yokonzeka kubwereranso pamsewu. Ngakhale Eliud Kipchoge, amene anathamanga makilomita 42 osakwanitsa maola awiri ku Vienna mu 2019, masiku ambiri ku Kaptagat, komwe amakonzekera mipikisano, amathamanga mofatsa, kwa iye n'kungowongola miyendo chabe (kwa ine liwiro limenelo ndi imfa, koma tisiye zimenezo). Kale ndinkathamanga ngati ndaba nkhuku, sabata isanathe ndili gone, bondo latupa. Masiku ano ndimaona mame pa udzu, ndimamva fungo la utsi wa nkhuni zonyowa, ndipo ndatulukira kuti galu wa pakona uja, amene ndinkamuthawa chaka chonse, mano alibe.

— Wothamanga Wam'mamawa